Kodi Farming Simulator 22 ingaphunzitse munthu umanijala wa pafamu?

Ambiri mwa ife olankhula Chichewa kuno ku Harare, kaya ndi ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa kapena Epworth, tili ndi agogo amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland. Anthu amenewo ulimi unali m'manja mwawo. Ankangoyang'ana tsamba la fodya n'kudziwa kuti lakhwima, ankangomva kulira kwa injini n'kudziwa kuti thirakitala ikudwala. Ena anafika pa ukapitawo. Koma buku la ndalama, lija lolembamo zogula, ngongole ya kubanki ndi tsiku logulitsa, linkakhala mu ofesi, ndipo mu ofesimo iwo sankaitanidwa. Lero zidzukulu zawo zikulima tomato ku Domboshava, zikuweta nkhuku kuseri kwa nyumba, zina zikufunsira malo kusukulu ya zaulimi ya Gwebi College, ndipo chimene chikuvutabe ndi buku lomwe lija. N'chifukwa chake gemu ya Farming Simulator 22 tikuiyesa ndi muyezo umodzi wokha: kodi imamuzoloweretsa munthu kuyendetsa ndalama, nthawi, makina ndi antchito? Pa ndalama, nthawi ndi makina tikuti inde, bola mwaitchera bwino. Pa anthu ndi pa mvula, imaperewera kwambiri.

Gemuyi inapangidwa ndi kampani ya ku Switzerland yotchedwa GIANTS Software, imene inayamba kutulutsa magemu a dzinali mu 2008. Iyi ya 22 inatuluka pa 22 Novembala 2021. Ili ndi makina oposa 400 a makampani enieni monga John Deere, Massey Ferguson, New Holland ndi Case IH, omwewa mumawaona pa chionetsero cha zaulimi cha ku Exhibition Park kumapeto kwa Ogasiti. Malo olimapo alipo atatu: Elmcreek wa ku America, Haut-Beyleron wa ku France ndi Erlengrat wa kumapiri a Alps. Woyamba kumene atenge Elmcreek, chifukwa malo ake ndi achidikha, thirakitala yaing'ono sivutika kukoka ngolo.

Kompyuta yake ikhale ndi Windows 10 ya 64-bit, RAM ya 8 GB, purosesa yosachepera Core i5-3330, graphics card yosachepera GTX 660 ya 2 GB, ndi malo a 35 GB. Malaputopu ambiri a kaunjika amene amagulitsidwa m'tauni muno alibe graphics card yapadera, ndipo pa iwo gemuyi imachita kudukizadukiza ngakhale mutatsitsa zithunzi mpaka pansi. Yang'anani zimenezi musanalipire. Kuitsitsa pa intaneti ndi mabandulo a foni n'kuotcha ndalama. Pitani pamene pali Wi-Fi yopanda malire. Ikalowa, kusewera nokha sikudya data. Pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mudzafunika khadi ya Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo umatsika kwambiri nthawi ya maselo. Amene anaitola ulere pa Epic Games Store mu Meyi 2024 ali nayo kale. Ilipo yatsopano, Farming Simulator 25, ya Novembala 2024, yokhala ndi mpunga, mbuzi ndi njati, koma imafuna GTX 1050 Ti ndi 45 GB, ndipo pa nkhani ya umanijala siwonjezera zambiri zoti munthu n'kugulira kompyuta ina.

Kuitchera musanayambe

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, n'kumati gemuyi ndi yongoyendetsa mathirakitala. Poyamba imakufunsani kuti muyambe bwanji. New Farmer imakupatsani munda, makina ndi ndalama 100,000. Farm Manager imakupatsani 1,500,000 popanda munda kapena makina. Start from Scratch imakupatsani 500,000 basi, ndipo mitengo yogulitsira mbewu imakhala yotsika. New Farmer igwiritseni ntchito madzulo awiri kapena atatu kuti zala zizolowere kumangirira pulawo, kutsitsa pulantala ndi kubwerera m'mbuyo ndi ngolo. Kenako yambani ina pa Start from Scratch. Farm Manager siyenera wophunzira, chifukwa ndalama zake n'zambiri moti cholakwa chilichonse chimakwiririka, munthu osamva kuwawa kwake.

M'zotchera (settings), yatsani nyengo, udzu, laimu, miyala, kugaula ndi pulawo nthawi ndi nthawi, ndiponso kuonongeka kwa mbewu ikapondedwa ndi matayala. Mwezi mutha kuuika kuti ukhale wa tsiku limodzi mpaka masiku 28. Ife tikuti masiku atatu, wotchi ikuthamanga kasanu kuposa yeniyeni. Mukaika tsiku limodzi, ntchito imathinana mopanda nzeru. Mukaika ambiri, mumakhala ndi nthawi yochita zonse ndi thirakitala imodzi ndipo simukakamizika kusankha. Chomaliza, ndipo n'chofunika kuposa zonse: pali malo amene amalola wantchito wa kompyuta kuti azidzigulira yekha mbewu, feteleza ndi mafuta akamutha. Zimitsani zonse zitatu. Zikakhala zoyatsa, ndalama zimangotuluka mwakachetechete ndipo simuphunzira kuwerengera kuti munda wa mahekitala anayi ufuna matumba angati, agulidwe liti, afike bwanji kumunda. Zikazima, pulantala idzaima pakati pa mzere chifukwa mbewu yatha, dzuwa likulowa, ndipo tsiku limenelo mudzadziwa chifukwa chake kapitawo wabwino amayendera sitolo dzulo lake.

Ndalama

Gemuyi ili ndi tsamba la ndalama limene limagawa zonse m'mizere: makina ogulidwa, lendi ya makina, kukonzetsa, mafuta, mbewu, feteleza, malipiro a antchito, chiwongoladzanja cha ngongole, zolowa kuchokera ku zokolola, zolowa kuchokera ku maganyu. Tsambali ndiye mtima wa gemu yonse, ngakhale osewera ambiri salitsegula. Vuto lake n'lakuti limangosunga nthawi yochepa ya m'mbuyo, ndipo silikuuzani kuti munda uti wadya zingati. Choncho gulani kope la masamba 32, munda uliwonse tsamba lake. Kumanzere zolowa m'mundamo, kumanja zotuluka. Popanda kope limeneli mukungosewera.

Phunziro loyamba lolemera ndi la kugula kapena kubwereka makina. Pa lendi, gemuyi imadula 2 peresenti ya mtengo wa makinawo pongowatenga, 1 peresenti tsiku lililonse, ndi 2.1 peresenti pa ola lililonse limene agwira ntchito. Tiyerekeze kombaini, makina okolola aja, ya 300,000. Kuitenga ndi 6,000, tsiku ndi 3,000, ola ndi 6,300. Ngati minda yanu mungaikolole m'maola awiri tsiku limodzi, mwalipira 21,600. Ndiye kuti ndalama yogulira kombainiyo ikanakubwerekerani kwa zaka pafupifupi 14. Koma minda ikakula n'kufuna maola khumi pa masiku atatu, lendi ifika 78,000, ndipo m'zaka zinayi zokha mwaposa mtengo wogulira. Palibe yankho limodzi. Yankho limasintha ndi kukula kwa munda, ndipo gemuyi imakukakamizani kuwerengeranso chaka ndi chaka. Cholakwa chofala ndicho kuiwala kubweza. Kombaini ija ikagona pakona pa munda masiku asanu, 15,000 yapita popanda kukolola ngakhale chitsononkho. Aliyense amene anabwerekapo thirakitala yolima pa hekitala kapena chigayo chokonolera chimanga cha ku Norton adzaizindikira nkhaniyi.

Musanagule chatsopano, yang'anani malo a makina ogwiritsidwa kale ntchito m'sitolo ya gemuyi. Amabwera ndi kupita, otsika mtengo, koma maola awo ndi ambiri ndipo kukonzetsa kumabwera msanga. Makina osakonzedwa amataya mphamvu ndipo amamwa mafuta ambiri. Kupentanso n'kodula ndipo sikuwonjezera mphamvu iliyonse; kusiyeni.

Ngongole imatengedwa ndi batani limodzi, 5,000 nthawi iliyonse mukadina. Chala chimayabwa. Lamulo lothandiza n'lakuti musanadine mulembe m'kope kuti ngongoleyo ikugula chiyani, chinthucho chidzabweza zingati pa chaka, ndipo mudzaibweza mwezi uti. Wosewera watsopano amagwa kawirikawiri mwezi wa Malichi kapena Epulo wa m'gemu, osati chifukwa famu ilibe phindu, koma chifukwa mpamba wonse anauika m'munda ndi m'makina, ndipo nthawi yodzala yafika thumba lili mbee, zokolola zikadali miyezi isanu kutsogolo. Kusiyana kwa phindu la pachaka ndi ndalama ya m'manja lero ndi chinthu chimene mabizinesi ambiri ang'onoang'ono amachiphunzira atatseka kale. Pano mumachiphunzira ndi madzulo amodzi otayika.

Gawo lina limene timalikonda ndi la zokolola, chifukwa manambala ake ndi oonekera. Tinene kuti munda wosasamalidwa umabereka matumba 100. Feteleza woyamba amawonjezera 22.5, wachiwiri 22.5. Kuchotsa udzu kumawonjezera 20, laimu 15, kugaula ndi pulawo 15, kuphwanya mapesi 2.5, kutsendera dothi ndi rola 2.5. Zonse pamodzi ndi matumba 200. Mukangoona manambalawa, dongosolo la zogula limadzilemba lokha: chofesera feteleza choyamba, rola pamapeto, ndipo pa munda waung'ono rolayo mwina sadzabweza konse mtengo wake. Kumeneku ndiye kuganiza kwa manijala, kufunsa kuti dola yotsatira ikagwire ntchito kuti.

Zolakwika zake n'zodziwika. Feteleza wachiwiri sawerengedwa mukamuthira nthawi imodzi ndi woyamba. Mbewu iyenera kukula kaye gawo limodzi. Laimu amafunika pakatha zokolola zitatu, ndipo mapu a gemuyi amaonetsa minda imene yafika nthawi yake, koma munthu wosatsegula mapu amangodabwa kuti nkhokwe siikudzaza. Pulawo imafunika mukachotsa chimanga, mbatatesi, sugar beet kapena nzimbe, ndipo imatukula miyala imene imaononga makina ngati simuitola. Udzu ukadali waung'ono umachoka ndi chopalira chotchipa. Ukakula umafuna mankhwala ndi sipuleya. Mukalowa m'munda wa mbewu yotalika ndi matayala otambalala, mumasiya mizere iwiri yakufa. Ikani matayala opyapyala. Manambala a m'gemu si a dothi la ku Goromonzi, koma mzimu wake ndi womwewo wa feteleza wa Compound D pansi podzala ndi wa AN (ammonium nitrate) wobereketsa chimanga chikafika m'mawondo. Wothira zonse tsiku limodzi kuti athane nazo wataya thumba.

Amene akufuna kuzama atsitse Precision Farming, chowonjezera chaulere chimene chinatuluka mu Epulo 2022. Chimagawa dothi m'mitundu inayi, chimakutumizani kukatenga dothi loti likayezedwe, ndipo chimaonetsa pH (kuwawasa kwa dothi) ndi nayitirojeni wa chigawo chilichonse cha munda. Kuyeza kumalipiridwa, koma feteleza ndi laimu amene mumapulumutsa amabweza. Kuno kumene dothi la mchenga lambiri ndi lowawasa ndipo alimi ambiri amathira feteleza osayeza, chizolowezi choyeza dothi chokha n'chokwanira mtengo wa gemu yonse.

Nthawi, ndi pamene ntchito imatsamwa

Kalendala ya gemuyi ndi ya kumpoto kwa dziko. Chimanga chimadzalidwa Epulo ndi Meyi n'kukololedwa Okutobala ndi Novembala, pamene ife timadzala ndi mvula ya Novembala. Tirigu wawo amafesedwa Seputembala ndi Okutobala n'kukololedwa Julayi ndi Ogasiti, pamene wathu wothirira amalowa pansi mu Meyi. Musaloweze miyezi. Chofunika ndi kuona kuti mbewu zambiri zili ndi khomo la miyezi iwiri, ndipo likatseka latseka: pulantala imakana kudzala, ndipo mbewu yosiyidwa m'munda kupitirira nthawi imafota. Mukadzala chimanga, soya ndi mpendadzuwa m'minda yonse, zonsezo zimakhwimira pamodzi, kombaini ili imodzi. Kusakaniza tirigu ndi chimanga kumamwaza ntchito ndi ndalama pa chaka chonse.

Tsopano tiyang'ane pafupi tsiku lokolola, chifukwa pamenepa m'pamene gemuyi imaphunzitsa chinthu chimene buku limavutika kufotokoza. Tinene kuti thanki ya kombaini imadzaza m'mphindi 6. Ngolo yanu imanyamula mathanki awiri, ndipo ulendo wopita kunkhokwe ndi kubwerera ndi mphindi 15. Ngolo ikanyamuka, kombaini imakolola mphindi 6, thanki n'kudzaza, kenako imaima. Mukuiona pakati pa munda, magetsi ake achikasu akuphethira, chitoliro chotsitsira chili panja, chimanga chili ndii kutsogolo kwake, injini ikulira, maola a lendi akuwerengedwa. Imadikira mphindi 9. Pa mphindi 21 zilizonse imagwira ntchito 12 zokha. Wosewera watsopano akaona kuti kukolola kukuchedwa amathamangira kubwereka kombaini yaikulu, ndipo zinthu zimaipiratu, chifukwa thanki imadzaza msanga n'kudikira nthawi yaitali pa lendi yokwera. Mankhwala ake ndi ngolo yachiwiri yotchipa, kapena kumanga nkhokwe pafupi ndi munda. Munthu akaona izi kamodzi ndi maso ake, amayamba kuziona paliponse: mabokosi a tomato atathyoledwa m'mamawa akupsa ndi dzuwa m'mbali mwa msewu chifukwa lole yopita ku Mbare Musika ndi imodzi, kapena telala wa masheni atatu amene aini yake ndi imodzi.

Kugulitsa nako kuli ndi phunziro. Mitengo imalembedwa pa malita 1,000, ndipo malita 1,000 a chimanga ndi pafupifupi matumba 14 kapena 15 a makilogalamu 50. Mbewu iliyonse ili ndi chithunzi choonetsa mmene mtengo umakwerera ndi kutsika pa chaka, ndipo nthawi yokolola umakhala pansi. Wokhala ndi nkhokwe ndi ndalama yodikirira amagulitsa miyezi ingapo pambuyo pake pa mtengo wabwino. Wa ngongole yothina amagulitsa tsiku lomwelo. Yerekezaninso malo ogulitsira, koma muwerengere ulendo: kusiyana kwa mtengo kochepa sikulipira mafuta ndi ola la thirakitala.

Maganyu ndi njira yoyambira ya wopanda mpamba. Alimi ena a m'gemu amafuna wolima, wothira feteleza kapena wokolola, ndipo mutha kugwiritsa makina anu kapena kubwereka awo, mtengo wake n'kuchotsedwa pa malipiro. Musamayang'ane ganyu ya ndalama zambiri. Gawani malipiro ndi mphindi zimene idye. Kuthira feteleza ndi makina otambalala kumatha msanga ndipo kawirikawiri kumaposa kugaula, kumene kumatenga nthawi yaitali. Pa ganyu yokolola, zotsala mukakwanitsa mlingo wa mwini munda zimakhala zanu. Koma samalani ndi ganyu yokoma imene yagwera mwezi umene munda wanu ukufuna kudzalidwa.

Mafakitale timawatchula mwachidule. Mutha kugula chigayo chosandutsa tirigu ufa, bekale yosandutsa ufa buledi, fakitale ya mafuta a mpendadzuwa, ya nsalu za thonje, ya mkaka. Iliyonse ili ndi malire a zimene ingagaye pa mwezi, ndipo imadya ndalama ikamayenda. Cholakwa ndi kugula bekale minda yanu isanathe kudyetsa chigayo. Werengani kuchokera kumunda kupita kutsogolo.

Pamene imanama

Tiyambe ndi antchito. Mukadina H, wantchito wa kompyuta amakwera thirakitala n'kuyamba. Sadwala, sapita kumaliro, sapempha adivansi ya fizi ya mwana, sakhumudwa mukamulankhula moipa pamaso pa anzake, ndipo mukamuchotsa pakati pa mzere sadandaula. Mavuto ake ndi a makina: amakodwa pamtengo wa kumapeto kwa munda, amasiya makona m'minda yokhota, amaima ngolo ikamutsekera njira. Mumathana nazo polima nokha mizere iwiri kapena itatu ya m'mphepete musanamupatse, kapena pa kompyuta kuika Courseplay, chowonjezera chopangidwa ndi osewera. Koma mwa zonsezi mulibe chilichonse chokhudza kutsogolera munthu. Ife amene makolo athu anali mbali inayo ya H ameneyu tiyenera kunena mosabisa: wachinyamata amene angatenge khalidwe la m'gemu n'kupita nalo kwa amayi opalira ganyu ku Ruwa adzakhala bwana woipa.

Chimene chimakonzako pang'ono ndi kusewera pagulu pa intaneti, mpaka anthu 16 pa kompyuta. Mwini famu amagawa zilolezo: uyu angagule makina, uyu angagulitse zokolola, uyu angalembe antchito, uyu ayi. Anthu anayi pa famu imodzi, thumba limodzi, ndi sukulu yeniyeni. Mmodzi agula thirakitala yaikulu osafunsa, ndalama ya mbewu yatha. Wa ngolo wapita kukadya nsima osanena, kombaini yaima. Mukatero musankhe manijala wa chaka chimodzi cha m'gemu, alembe ntchito ya aliyense musanayatse injini, ndipo kumapeto kwa chaka awerenge tsamba la ndalama pamaso pa onse, kenako udindo upite kwa wina. Aliyense ayenera kukhala ndi gemu yakeyake ndi zowonjezera zofanana, apo ayi sangalowe.

Chachiwiri ndi mvula. M'gemuyi kulibe chilala. Mukadzala pa nthawi, mukolola. Ife tikukumbukira nyengo ya 2023/24 ya El Niño, imene inachititsa boma kulengeza tsoka la dziko mu Epulo 2024, chimanga chitauma chisanamasule. Mulibe ntchemberezandonda, mulibe anankafumbwe m'nkhokwe, mulibe akuba a mondokwa. Chimanga chimalowa m'nkhokwe chouma kale, pamene ku GMB, bungwe la boma logula mbewu, amafuna chinyezi cha 12.5 peresenti ndipo chonyowa chimabwezedwa. Ziweto zikasowa chakudya zimangosiya kubereka ndi kutulutsa mkaka, sizifa. Aliyense amene analowapo m'khola la anapiye 100 m'mawa wozizira wa Juni magetsi atazima usiku akudziwa kuti si mmene zimakhalira. Choncho gemuyi siphunzitsa kusunga ndalama ya tsoka. Dziikireni lamulo nokha: chaka chilichonse musanakolole ponyani dayisi, ikagwa pa 1 mugulitse theka lokha la zokolola, theka linalo mulisiye osalikhudza mpaka kalekale. Mudzaona mmene ngongole ija yooneka yaing'ono imasinthira nkhope.

Chachitatu ndi msika ndi malo. Wogula wa m'gemu amalipira ngolo isanamalize kutsitsa, satsitsa giredi, ndipo sanena kuti bwerani mwezi wamawa. Ndalama yake ndi imodzi ndipo siguga, pamene kuno munthu amawerengera madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024. Munda umagulidwa podina pa mapu, banki sifunsa chikole. Kuno minda yambiri ya A1 ndi A2, ija inagawidwa ndi boma, ili pa makalata a boma, ndipo ngongole ya ulimi siyenda chonchi. Mbewu zathunso zambiri mulibe: fodya, mtedza, nzama, mawere. Chimanga, soya, mapira, mpendadzuwa, thonje, tirigu ndi nzimbe zilimo.

Dandaulo lina ndi la kaphunzitsidwe. Gemuyi imakuonetsani kulima, kudzala ndi kukolola kwa mphindi zochepa n'kukusiyani. Zambiri zimene talemba pamwambapa simuzipeza pokhapokha mutafufuza m'masamba ake a thandizo, amene ali m'Chingerezi ndi zinenero zina zakunja. Ndipo imadya nthawi. Munda umodzi waukulu ungathe ola lathunthu mukungopita ndi kubwera. Ngati cholinga ndi umanijala, kuyendetsa nokha thirakitala kupitirira sabata yoyamba n'kutaya nthawi. Perekani kwa wantchito, inu mukhale pa mapu ndi pa kope.

Wopanda kompyuta angayese Farming Simulator 23 ya pafoni, ya Meyi 2023. Ndi yaing'ono, minda ndi makina n'zochepa, koma kugula, kugulitsa ndi mafakitale zilimo. Hay Day, imene ili m'mafoni ambiri, imaphunzitsako kusanja maoda ndi kusamala malo m'nkhokwe, koma inapangidwa kuti muzidikira kapena mulipire ndalama yeniyeni kuti zifulumire, ndipo simungagwe. Stardew Valley ndi yabwino pa kugawa tsiku limodzi ndi mphamvu zochepa pakati pa ntchito zambiri, koma mulibe ngongole kapena makina a lendi.

Farming Simulator 22 tikuivomereza kwa wophunzira zaulimi, kwa wachinyamata amene banja likufuna kumusiyira puloti, ndi kwa wabizinesi yaing'ono amene sanasungepo buku. Kwa makolo amene akuona mwana ali pa thirakitala ya pakompyuta usiku, musamuletse msanga. Mufunseni kuti munda nambala wakuti wabweza zingati chaka chino, ndipo akuonetseni polemba. Akasowa yankho, ndiye kuti akungoyendetsa galimoto.

Mukamaliza zaka zitatu za m'gemu osagwa, tsegulani tsamba latsopano m'kope lomwelo ndipo mulembe munda weniweni. Puloti ya Pfumvudza, ulimi wa m'mapando umene boma limalimbikitsa, ndi poyambira pabwino chifukwa miyezo yake ndi yodziwika: mamita 39 m'litali, 16 m'lifupi, mapando 1,456, mizere 52 ya mapando 28. Mizere ya tsambalo ikhale yomwe ija: mbewu, laimu, feteleza wapansi, wobereketsa, masiku a ntchito yokumba mapando ndi kupalira, matumba opanda kanthu, mankhwala osungira, thiransipoti. Masiku anu omwe muwaike mtengo wa ganyu, chifukwa m'gemu munazolowera kuti ola lililonse lili ndi mtengo. Mitengo mukaifunse kusitolo ya zaulimi sabata lomwelo, ndipo pambali pa mtengo uliwonse mulembe tsiku ndi mtundu wa ndalama.

Ndipo musanayambe kusewera, pitani m'zotchera muike kuti gemu izidzisunga yokha pa mphindi zochepa kwambiri zimene ikulola, komanso muzisunga nokha mukamaliza munda uliwonse. Magetsi akathima pakati pa kusunga, fayilo imatha kuonongeka; kamodzi pa sabata koperani foda ya savegame, imene ili mu Documents pansi pa My Games, muiike pa fulashi.